Kaputeni ndi Botolo la Mboni

Ndisanapite patali ndikuuzeni kuti ndine ndani, poti ambiri a inu mumangodya buledi wanga osandidziwa nkhope. Anthu amanditcha Kaputeni. Zaka khumi ndi zinayi ndinazithera pa sitima zikuluzikulu zonyamula katundu, ndipo madoko amene ndinapondamo ndinasiya kuwawerenga atakwana makumi atatu. Chiwongolero cha sitima sindinachigwirepo, ndinali wophika. Koma funsani aliyense amene anakhalapo miyezi itatu pakati pa madzi, akuuzani kuti woyang'anira uvuni ndi amene amalamula sitima. Nditatsika ndinayamba ndi uvuni umodzi wa njerwa womanga ndekha. Lero ndili ndi mauvuni anayi amagetsi, galimoto ziwiri zoperekera buledi, ndi chikwangwani chimene umachiwerenga uli kutsidya kwa msewu.

Zonsezi ndinazipeza ndi manja awiriwa. Chimene chinandiimitsa mutu ndi mkazi mmodzi, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ya kumtunda kwa msewu wathu.

Ana a sukulu amamutcha Madamu Chimodzi, chifukwa mawu amene satha pakamwa pake ndi akuti, “Sinthani chinthu chimodzi chokha.” Tsiku loyamba anabwera ku bekale kudzafuna yisiti, timibulu tija timene timatupitsa buledi, kuti akagwiritse ntchito m'kalasi. Ndinatuluka ndekha kudzamuthandiza, chifukwa maso ndili nawo. Ndinamuuza kuti buledi wanga amatupa kuposa wa aliyense chifukwa cha manja angawa, manja amene anakandapo ufa sitima ikupendekeka ndi namondwe. Akazi ena akamva zimenezi amaseka n'kuyang'ana pansi. Uyu anandiyang'ana m'maso.

“Mwadziwa bwanji kuti ndi manja? Munayesapo kupatsa munthu wina ufa womwewo, madzi omwewo ndi uvuni womwewo?”

Ndinangomupatsa yisiti wake, nkhani ya manja n'kuthera pomwepo. Mlongo wanga, amene amayang'anira ogulitsa kutsogolo, akuti chibadwire changa anali asanazionepo zimenezo.

Kuchokera tsiku limenelo ndinatha miyezi isanu ndi iwiri ndikuthamangira mkazi ameneyu. Maluwa ndinatumiza. Galimoto ndinasintha. Nsapato zakunja ndinamugulira, phazi ndinangoyeza ndi maso, ndipo zinamukwana ndendende. Iye ankalandira, kuthokoza, kuseka nthabwala zanga mpaka kugwira nthiti, koma mawu amene ndinkawafuna sankawatulutsa.

* * *

Chopinga chachikulu chinali bambo ake. Mkuluyu anapuma ntchito ali hedi wa sukulu, ndipo mpaka lero munthu amamuyeza ndi masatifiketi. Lamulungu lina masana ndinapita kukawaona. Pampando wabwino wa pafupi ndi zenera ndinapeza patakhala kale munthu, mkulu wa aphunzitsi a sayansi pa sukulu ya Chimodzi, mwamuna woonda amene ngakhale kutenthe bwanji savula tayi. Ana amangomutcha Tayi, inenso sindiona chifukwa chomufunira dzina lina. Anali mwana wa sukulu wa bambowo kalekale, ndipo aliyense ankadziwa kuti kunyumbako sabwerera mabuku.

Bambo anandifunsa kuti sukulu ndinalekeza pati. Ndinayankha mwaulemu kuti makalasi anga anali madoko, ndipo ndikhoza kupempha mchere m'zilankhulo zisanu ndi chimodzi.

“Mchere,” anatero. “Chabwino.” N'kutembenukira kwa Tayi.

Pamenepo ndi pamene ndinamva za mpikisano. Nkhani yake inali yotere. Ana a fomu yachitatu amayenera kuphunzira kukonza okha njira yoyesera chinthu mwachilungamo. Mwachitsanzo, ukafuna kudziwa ngati shuga amathandiza yisiti kutupa, umatani kuti usadzinamize wekha? Tayi ankaphunzitsa ndi pepala. Ankalemba zonse mwandondomeko, choyamba tenga mabotolo awiri, chachiwiri thira madzi ofanana, chachitatu veka baluni pakamwa pa botolo, mpaka chakhumi. Ana ankangotsatira ngati wophika wobwera kumene, ndipo zinkatuluka bwino nthawi zonse. Chimodzi pepalalo ankalikana. Iye ankaika patebulo mabotolo, mabaluni, yisiti, shuga ndi madzi, kupereka funso, n'kupinda manja. Ana ankasokoneza zinthu, wina botolo lake la shuga padzuwa, lopanda shuga pamthunzi. Baluni ikatupa n'kumaombera m'manja, iye ankangofunsa kuti chatupitsa ndi chiyani, shuga kapena dzuwa.

Tayi ankati kumeneko n'kutaya nthawi ndi kuwononga zipangizo. Chimodzi ankati ana a Tayi amadziwa kutsatira koma ukawabisira pepala amaima ngati galimoto yothera mafuta. Ahedi atatopa ndi mkanganowo anagamula kuti ziyesedwe. Milungu isanu ndi umodzi, gulu lina kwa Tayi, lina kwa Chimodzi, kenako mayeso amodzi okhala ndi funso latsopano. Njira yopambana ndi imene sukulu yonse idzatsate.

Bambo anati iwo anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi ndondomeko yolembedwa, ndipo palibe mwana anafa nayo. Anawonjezera, maso ali pa makapu a tiyi, kuti mwana wawo wayamba kukonda zinthu zaphokoso zopanda dongosolo, m'kalasi ndi kunja komwe. Tayi anamwetulira m'kapu mwake. Ine ndinamwa tiyi wanga pang'onopang'ono, ngati munthu amene anamwapo tiyi wabwino kuposa ameneyo, chifukwa ndinamwapodi.

* * *

Lolemba ndinapita kusukulu ana ataweruka. Labotale yawo ndi chipinda chachitali chokhala ndi matebulo asanu ndi limodzi, mipopi iwiri yotuluka madzi, itatu yomangidwa ndi mphira, ndi kabati yagalasi imene kiyi wake amasunga Tayi. Ndinapeza Chimodzi akudula timapepala ta mayina a ana n'kumaponya m'bokosi la choko. Anati ana adzagawidwa potola timapepalato, kuti pasapezeke wonena kuti wina anasankha anzeru okhaokha. Maola ophunzira adzakhala ofanana. Yisiti adzachokera m'paketi imodzi. Mayeso adzachonga mphunzitsi wa sukulu ina, pa mapepala opanda mayina, manambala okha.

Ndinamuuza kuti angotulutsa liwu limodzi, mawa m'mawa m'chipindamo mudzakhala masikelo atsopano, zoyezera kutentha khumi, ndi yisiti amene amadzuka ukangomuyang'ana.

Anatenga mabotolo awiri n'kuwaimika patsogolo panga. “Ili ndithiramo shuga. Ili sindilikhudza. Ana ndimawauza kuti losakhudzidwali ndi mboni. Popanda mboni, baluni ikatupa aliyense amanena zake, ngati mmene inu mumanenera za manja anu.” Kenako anandigwira dzanja, koyamba pamalo poti wina akanatha kuona. “A Kaputeni, ndikudziwa kuti mtima wanu ndi waukulu ngati sitima zanuzo. Koma pa ichi chokha musandithandize. Lonjezani.”

Ndinalonjeza. Dzanja lake lili pa langa, ndikanalonjeza ngakhale kusiya kuphika.

* * *

Mlungu wachitatu uthenga wake unafika pa foni ndikutulutsa mabanzi mu uvuni. Analemba kuti baluni yaphulika m'kalasi, madzi a yisiti afika mpaka pa bolodi, ndipo ahedi anadutsa pa zenera nthawi yomweyo. Kwa Tayi kunali zii, mabotolo ali ndondondo ngati asilikali. Ndinamuyankha kuti ine ndinapserezapo buledi wa anthu makumi anayi kawiri konse ndisanakhale katswiri, ndipo onani lero.

Iye anangolemba kuti, “Mwina bambo akunena zoona.”

Mawu amenewo ndinawawerenga katatu. Ngati bambo akunena zoona za m'kalasi, ndiye kuti akunenanso zoona za kunja, ndipo kunjako ndi ine.

Masana omwewo ana a gulu lake anadzaza kutsogolo kwa bekale, monga amachitira akaweruka, akudya mabanzi n'kumakangana za madzi ofunda ndi ozizira. Ndinamvetsera ndili kuseri kwa mashelefu mpaka mutu unandiwawa. Nzeru anali nazo, koma aliyense ankafuna kusintha zinthu zitatu nthawi imodzi. Ndinatsegula kachitseko ka kauntala n'kuwauza kuti alowe, ayambe asamba m'manja.

Mlongo wanga anandikokera pambali. “Achimwene, si paja munalonjeza?”

Ndinamuuza kuti ndinalonjeza zosapititsa zinthu kusukulu, ndipo palibe chikupita kusukulu. Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira mayi athu ndikabwera ndi nkhani zokhotakhota, n'kubwerera kwa makasitomala.

Ndinene mosabisa kuti ndinaphunzitsa bwino. Ndinawauza za mkulu wa ophika pa sitima yanga yoyamba, bambo wa ndevu zofiira wosadziwa kuseka. Tsiku lina buledi wanga anakana kutupa, anatuluka ngati njerwa. Mawa lake ndinasintha ufa, kuwonjezera yisiti, kufunditsa madzi, zonse nthawi imodzi, ndipo buledi anatuluka wokongola. Mkulu uja anamununkhiza, n'kundifunsa kuti chakonza ndi chiti mwa zitatuzo. Kenako anaponya buledi uja m'nyanja. Anati munthu wosadziwa chimene chamukonzera buledi adzamuwononganso Lachinayi. Kuyambira pamenepo ndikafuna kusintha kanthu, ndimasintha kamodzi, ndipo pambali ndimasiya mtanda umodzi wokandidwa mwa masiku onse kuti ndiyerekezere.

Ndikufotokoza choncho ndinazindikira kuti zimene Chimodzi amaphunzitsa ndinkazidziwa kalekale, kungoti mawu ake ndinalibe. Mtanda wapambali uja ndi mboni yake ija. Ndinaseka ndekha pakati pa ana.

Anabwera Lachitatu limenelo, Lachisanu, ndi milungu yotsatirayo. Sikelo yanga, choyezera kutentha changa, yisiti wanga. Ndinawauza kuti Madamu asamve, tidzawadabwitse. Mauthenga a Chimodzi anasintha. “Ana anga atseguka mitu,” analemba tsiku lina. “Lero afunsa okha kuti mboni ili kuti.” Tsiku limenelo ndinayenda m'bekale monse chifuwa chili patsogolo, ogwira ntchito akundipatukira.

* * *

Zotsatira zinalengezedwa Lachisanu masana m'chipinda cha aphunzitsi. Bambo a Chimodzi anaitanidwa ngati mlendo wolemekezeka, ine ndinaitanidwa ndi Chimodzi. Ndinavala suti yanga yoyera imene ndinasoketsa kunja, imene telala aliyense kuno akaiona amapempha kuti aikhudze.

Ahedi anang'amba envelopu. Wochonga analemba kuti ana a gulu loyamba amayeza zinthu mwaukhondo ndipo matebulo awo a zotsatira ndi ooneka bwino, koma atapatsidwa funso lachilendo ambiri anaiwala kusiya chinthu choyerekezera. Mwa ana makumi atatu, khumi ndi mmodzi okha ndi amene anakonza njira yolondola. Limenelo linali gulu la Tayi. Gulu lachiwiri linalemba mosalongosoka, zofufutafufuta, koma ana makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi anasintha chinthu chimodzi n'kusiya mboni.

Woyamba kuomba m'manja ndinali ine. Bambo anavula magalasi n'kuyang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. Chimodzi anangogwira m'mphepete mwa tebulo, maso atadzaza misozi.

Tayi anaimirira, kukonza tayi wake, n'kupempha mwaulemu kuti awerenge pang'ono zimene ana analemba, poti mapepalawo anafika kwa iye m'mawa monga mkulu wa sayansi.

“Nambala khumi ndi zinayi,” anawerenga. “‘Tisiya botolo limodzi osalisintha, monga anatiphunzitsira a Kaputeni ku bekale.’ Nambala makumi awiri. ‘Madzi tiwayeza ndi choyezera kutentha ngati cha a Kaputeni.’” Anapitiriza, pepala ndi pepala, osafulumira. Mapepala asanu ndi anayi anali ndi dzina langa.

Ndivomere kuti kwa kamphindi ndinanyada. Ndi anthu angati opanda satifiketi amene dzina lawo linalembedwapo m'mayeso a sayansi kasanu ndi kanayi? Kenako ndinaona nkhope ya Chimodzi.

Anandifunsa motsitsa mawu kuti ana anabwera kangati. Ndinati kasanu ndi kawiri. Chimodzi anaimirira ahedi asanatsegule pakamwa.

“Zotsatirazi zitayidwe,” anatero. “Gulu langa linali ndi aphunzitsi awiri, maola owonjezera ndi zipangizo zina. Sitingadziwe chimene chapambanitsa anawa. Ine ndemwe ndikanakhala wochonga, mwana wobweretsa zoterezi ndikanamulepheretsa.”

Tayi anati iye sakunena kuti Madamu ankadziwa, kungoti anthu alankhula. Bambo anavalanso magalasi awo, n'kunena kuti za phokoso ananena kale. Potuluka Tayi anawagwirira chitseko, n'kuwauza kuti awaperekeza pa galimoto.

Ndinamupeza Chimodzi pa khonde la labotale. “Aphunzitsi, koma ana aphunzira. Si zimene mumafuna?”

“Ndimafuna kudziwa ngati njira yanga imagwira ntchito. Zaka zisanu ndakhala ndikusekedwa nayo. Mwina ndikanapambana ndekha, mwina ndikanagonja n'kuphunzirapo kanthu. Inu mwandilanda yankho, a Kaputeni. Ndinakupemphani chinthu chimodzi.”

Analowa n'kutseka chitseko. Sanachimenyetse, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri.

* * *

Masiku anayi mauthenga anga ankawerengedwa osayankhidwa. Makasitomala, amene sachedwa ndi nkhani, anauza mlongo wanga kuti galimoto ya Tayi yaoneka kawiri pa geti la bambo aja. Ndinaitanitsa maluwa odzaza mpando wonse wakumbuyo kwa galimoto. Mlongo wanga ataona anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

“Achimwene, vuto lanu ndi limodzi. Munthu akakupemphani madzi mumamupatsa keke, chifukwa keke ndi imene inu mumadziwa kuphika. Maluwawa asiyeni, ndikongoletsera pa kauntala.”

Ndine munthu amene ndinakanganapo ndi akuluakulu a madoko m'zilankhulo zawo, koma mlongo wanga sindinamupambanepo. Ndinapita kusukulu ndi zovala zantchito, ufa uli m'zigongono. Ndinapempha ahedi kuti aitane Tayi, ndipo pamaso pa onse awiri ndinanena kuti Madamu sankadziwa kanthu, anandiletsa, wolakwa ndine. Ndinapempha kuti mpikisano ubwerezedwe teremu ya mawa ndi ana ena. Ngati akufuna, magulu onse awiri azibwera ku bekale maola ofanana. Ngati sakufuna, kachitseko ka kauntala ndikakhomera ndi misomali.

Si chinthu chapafupi kwa munthu ngati ine kunena kuti ndalakwa pamaso pa mwamuna wovala tayi. Koma ndinanena nditaima chilili, mawu omveka mpaka kwa mlembi panja, ndipo ndikukhulupirira kuti m'chipinda chimenecho simunamvekepo kupepesa kwabwino kuposa kumeneko.

Tayi anati gulu lake silifuna bekale. Ahedi anagamula kuti mwana aliyense azilekezera pa kauntala, mpikisano ubwerezedwa, ndipo pakali pano sukulu itsate pepala la Tayi.

Potuluka Tayi anandiyandikira. “Buledi ndi wabwino, bwana, tonse timadya. Koma mkazi wophunzira amafuna munthu woti akhoza kukamba naye za m'mabuku.”

“Mapepala asanu ndi anayi, bwana,” ndinamuyankha. “Nanga anu anakutchulani angati?”

* * *

Lachinayi masana mlongo wanga anasuzumira kumauvuni n'kunena kuti kwabwera mlendo amene sakufuna buledi. Chimodzi analowa, kuyang'ana sikelo, choyezera kutentha ndi tebulo limene ana ake ankaimapo, n'kukhala pa thumba la ufa osasamala za siketi yake yakuda.

Anati ahedi amuuza zonse. Anati wawerenganso mapepala a magulu onse awiri, ndipo teremu ya mawa abwereka kwa Tayi kalembedwe ka matebulo a zotsatira, chifukwa pamenepo pokha mnzakeyo anamuposa. Ana aziyamba kusokoneza okha monga kale, koma polemba azilemba mwaukhondo. Anandifunsanso za mkulu wa ndevu zofiira uja, poti ana amusimbira, ndipo nditafika poponya buledi m'nyanja anaseka pang'ono asanadzigwire.

Ndinaona ngati doko layandikira. Ndinayamba kumuuza za malo odyera abwino amene atsegulidwa kumene. Anakweza dzanja.

“A Kaputeni, miyezi isanu ndi iwiri mwandithira zonse nthawi imodzi. Maluwa, galimoto, nsapato, nkhani za madoko. Baluni yatupa, sindikana. Koma sindikudziwa chaitupitsa, ndipo ine sindikwatiwa ndi chinthu chimene sindikuchidziwa.”

Ndinafunsa kuti ndiye nditani.

“Lamulungu masana mubwere kunyumba. Wapansi. Chimanjamanja. Musatchule sitima, musatchule uvuni, musatchule chilichonse chimene muli nacho, afunse ndani, afunse ndani. Ndikufuna ndione botolo losathiramo kanthu.”

“Nanga baluni ikapanda kutupa?”

“Ndiye tonse awiri tidzadziwa.”

Ndinalonjeza. Ulendo uno sanandigwire dzanja. Anadzuka, kusasa ufa kusiketi, n'kugula buledi mmodzi pa kauntala ngati kasitomala wamba.

* * *

Kuchokera ku bekale kukafika kwa bambo ake ndi mphindi zisanu pa galimoto. Wapansi ndi mphindi makumi anayi, ndipo theka lake ndi chitunda. Ndinavala malaya wamba opanda jekete, wotchi ndinaisiya m'dirowa. Anthu m'njira ankaima kundiyang'ana. Woyendetsa takisi wina anatsitsa galasi n'kufunsa ngati a Kaputeni sitima yawo yamira. Ndinamubayibitsa ndi dzanja n'kupitiriza. Ndinayenda bwino, ndinene. Ndi ochepa a msinkhu wanga amene angakwere chitunda chimenecho osapuma.

Pa geti ndinapeza galimoto ziwiri. Ina ndinaidziwa, inali ya Tayi.

M'chipinda chochezera munali bambo, Tayi atavala tayi watsopano, ndi mkulu wina wa imvi wovala jekete, chipewa chili pa bondo. Bambo anayang'ana nsapato zanga zafumbi, malaya anga onyowa kumsana, manja anga opanda kanthu.

“Galimoto ili kuti? Ndamva kuti makolo ena akudandaula za bekale yanu. Kodi zinthu zayamba kuvuta?”

Tayi anayang'ana kudenga ngati sakudziwa kumene nkhaniyo yachokera. M'kamwa mwanga munadzaza mauvuni anayi, galimoto ziwiri ndi madoko makumi atatu, zonse zikukankhana kuseri kwa mano. Chimodzi anali ataima pa chitseko cha kukhitchini, thireyi ya tiyi ili m'manja.

“Ndabwera mmene mukundioneramu, bambo,” ndinatero.

Chimodzi anandiyang'ana mwa mtundu umene sanandiyang'anepo, ngakhale tsiku la nsapato zakunja lija.

“Chabwino,” anatero bambo. “Khalani apo. Awa ndi amalume a mnzanuyu. Abwera kudzandipempha mwana wanga. Poti mwafika, mumvetsere nawo.”

Ndinakhala pa kampando kopanda chotsamira pafupi ndi chitseko. Chimodzi anagawa tiyi, kuyambira kwa akuluakulu, kumalizira kwa ine. Pondipatsa kapu anawerama n'kunong'ona.

“Izi sindinazikonze ine. Koma lonjezo likadalipo.”

Amalume aja anatsokomola n'kuyamba. Anatchula masatifiketi a mphwawo imodzi ndi imodzi, ndi zaka zake. Anatchula nyumba ya zipinda zitatu imene yafika pa denga. Anatchula galimoto ili panjayo, ndi udindo umene akuyembekezera ahedi akapuma. Zonse pamodzi zikanakwana m'ngodya imodzi ya bekale yanga n'kutsala malo oimika njinga, ndipo munthu yekhayo amene akanatha kunena zimenezo anali atakhala pa kampando, kapu ili m'manja, pakamwa pali gwa.

Atamaliza, bambo anagwedeza mutu mokhutira. Kenako anavula magalasi n'kutembenukira kwa ine.

“Nanga inu, a Kaputeni, mwabwera ndi chiyani?”

Chimodzi sanabwerere kukhitchini. Anaima pomwepo, thireyi ataikumbatira pachifuwa, akudikira. Ndinaika kapu pansi n'kuyang'ana manja anga awiri. Munalibe kanthu. Ngakhale ufa womwe ndinali nditausamba.